Munthu Amene Ankanunkhira Buledi

Panali munthu wina wa kuno kwathu amene anapita kukakhala ku Beira, mzinda uja wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene malole athu amakatenga mafuta ndi feteleza. Anasiya mkazi ndi ana kumudzi, nati akakapeza bwino adzawakumbukira. Anali munthu woleredwa bwino. Polankhula ndi akulu ankavula chipewa, polandira chinthu ankalandira ndi manja awiri. Sanabepo chamwini, sanatukwanepo munthu. Ndikunena izi poyambirira kuti wina asaganize kuti ndikukamba za chidakwa kapena wakuba. Ayi, ndikukamba za munthu wabwino, wonga inu nomwe mwakhala apa.

Ntchito yake inali ganyu wa kudoko, kusenza matumba ndi kukweza m'malole. Pafupi ndi dokolo panali msewu wina umene sunkasowa utsi. Apa bekale, apo tiyirumu, patsogolo pang'ono mayi akukazinga nsomba, kutsidya kwa msewu bambo akuwotcha nkhuku ya tsabola. M'mawa msewu wonse unkanunkhira buledi wotentha ndi khofi. Masana kunkamveka mpunga wophikira kokonati. Munthu uja akaweruka ankalowa pamene mtima wafuna, n'kudya, n'kupukuta pakamwa. Masiku amenewo moyo unkamukomera ndithu.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina kapitawo anawauza kuti katundu wachepa, ayambe adikira, adzawaitana. Anadikira. Sanawaitane. Anayesa kwina, kunali kodzaza. Anagulitsa wailesi, kenako bulangete, kenako nsapato zake za ku tchalitchi. Potsiriza mwini nyumba anamutulutsa m'kachipinda kamene ankagona. Kubwerera kumudzi chimanjamanja anakuona ngati imfa, ndiye anatsala.

Anapeza pogona kuseri kwa bekale ina, pa khoma limene mkati mwake munali uvuni. Khomalo linkafunda, ndipo utsi wa buledi unkatulukira pomwepo. Ankafika anthu atachoka, n'kudzuka anthu asanabwere. M'mawa ankasamba kumaso pa mpopi, n'kupisira malaya m'buluku, n'kupesa tsitsi. Womuona sakanadziwa kanthu. Koma fungo lija linamulowerera m'zovala, m'tsitsi, pakhungu pomwe. Kulikonse kumene ankadutsa, ankanunkhira buledi, pamene m'mimba munali mbee.

Mumsewu womwewo munali kanyumba kodyera ka mayi wina wa kwathu konkuno, mayi Nangondo. Anakwatiwa kumeneko kalekale, mwamuna anamwalira, iwo n'kutsala akuphikira madalaivala a malole. Kanyumbako kanali kakang'ono, matebulo ochepa, mabenchi ogwedera, koma kunali kokhako kumene munthu ankamva Chichewa. Tsiku lina munthu uja anaima pakhomopo, atakopeka ndi chilankhulo cha kwawo. Anapereka moni. Mayi aja atamva moniwo anasangalala, namupatsa pokhala.

Kenako anamufunsa kuti, “Achimwene, mudya?”

Iye anayankha kuti, “Zikomo mayi, ndadya kale.”

Inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Kwathu mlendo safunsidwa ngati adya. Umangobwera ndi madzi osamba m'manja, chakudya n'kutsatira. Ndipo ukafunsidwa, suvomera msangamsanga ngati galu woona fupa. Umayamba wakana, eni ake akukakamize, ukanenso pang'ono, kenako n'kusamba m'manja ngati wachita kugonja. Munthu uja anakana akudikira kuti amukakamiza. Koma mayi Nangondo anali atakhalitsa m'tauni ya eni, kumene munthu akati ayi ndiye kuti ayi. Anangoti, “Chabwino,” n'kutembenukira kwa ena amene ankaitana.

Zinamupweteka. Anatuluka akung'ung'udza mumtima kuti mayi ameneyu anataya mwambo, ndi woumira. Taonani mmene mtima wa munthu ulili. Wakana yekha, koma mlandu akuupereka kwa womuitana.

M'mawa mwake anabweranso, poti njala sikhala ndi kwina kopita. Atangokhala pansi, mayi aja ananunkhiza, naseka.

“Iii, achimwene, fungo la buledi lomweli! Mumagwira ku bekale eti?”

Apa panali pakhomo potseguka. Akanangoti, ayi mayi, ndimagona kuseri kwake. Mawu ochepa chabe. Koma pa benchi panali madalaivala, ena a iwo a kufupi ndi kwawo, anthu oti mawa akakafika kumudzi akanena zimene aona. Ndiye anati, “Ee, ndimagwira komweko.”

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linasanduka abwana a buledi. Akalowa, madalaivala ankafuula kuti abwana a buledi afika, asendereni. Ankamunena kuti ndi womana, sabweretsako ngakhale kabanzi. Iye ankaseka nawo. Ankakhala pakona, n'kupempha madzi akumwa, n'kumamwa pang'onopang'ono uku anzake akuswa mitu ya nsomba ndi mano. Tsiku lililonse mayi aja ankamufunsa ngati adya, ndipo tsiku lililonse ankayankha chimodzimodzi. Bodza likayamba limafuna kulidyetsa, ndipo iye ankalidyetsa ndi thupi lake lomwe.

Musaganize kuti sankalawa kanthu konse. Nthawi zina ankatola mango ogwa, nthawi zina ankanyamulira wina katundu pamsika n'kupatsidwa chinangwa. Zinali zongonyenga m'mimba, zosamanga thupi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi Nangondo anali ndi chizolowezi chawo. Dzuwa likapendeka, akamatseka, chakudya chotsala sankataya. Ankatsegula khomo la kuseri, ndipo aliyense wobwera n'kunena kuti ali ndi njala ankamugawira. Kunkabwera akhungu, kunkabwera opunduka, kunkabwera wamisala wina wovala matumba. Analibe mwambo anthu amenewo, analibe ulemu wa manja awiri. Ankangotambasula mbale n'kunena chimene chawabweretsa. Ndipo ankadya, n'kukhuta. Munthu uja ankawaona ali chapatali, mtima ukumuuza kuti pita. Koma ankadziyankha kuti, ine si wopemphetsa, ndine mwana wa munthu.

Masiku anapita. Lamba anaboola mabowo atsopano. Kolala ya malaya inayamba kulendewera. Maso analowa m'kati. Poyenda ankaima kawirikawiri ngati akuyang'ana sitima panyanja, chonsecho ndi chizungulire. Madalaivala sanaone kanthu, poti mphuno zawo zinkawauza kuti munthuyu amakhala pa chakudya. Koma mayi ndi mayi. Mayi Nangondo anayamba kumuyang'anitsitsa manja pamene ankanyamula kapu ya madzi, naona kuti atsala mafupa okhaokha.

Ndiye tsiku lina masana sanamufunse. Anakumbukira za kwawo. Anatenga beseni ndi jagi ya madzi, nabwera pamene anakhala, nagwada monga amachitira amayi a kwathu. Anamuthirira madzi m'manja. Kenako anaika patsogolo pake mbale ya mpunga, nsomba yaikulu yokazinga, ndi msuzi pambali. Sanatchule za kulipira. Anangoti, “Idyani, achimwene.”

Tsopano chodandaula chija chinatha. Sanafunsidwe. Mwambo wonse unakwanira. Manja anali onyowa, nthunzi inkamufika kumaso, m'kamwa munadzaza malovu. Anatambasula dzanja.

Pomwepo dalaivala wina, wosaganiza choipa, anaseka nati, “Mayi, mukudyetsa abwana a buledi ife tili pano? Kapena ku bekale zinthu zavuta?”

Anthu anaseka. Kunali kuseka wamba, koti pakangopita kamphindi aliyense waiwala. Koma dzanja lija linaima m'malere. Munthu uja anayang'ana mbale, nayang'ana anthu. Anayeza ziwirizo mumtima mwake, moyo wake ndi dzina lake. Ndipo anabweza dzanja, nalipukutira pa buluku.

“Musavutike mayi. Ndimangosamba ufa wa kuntchito.”

Mayi aja anatsitsa mawu kuti ena asamve. “Achimwene, ine ndine mlongo wanu. Pano palibe wokuweruzani. Idyani.”

Munthu uja anakankha mbale ija pang'onopang'ono, mwaulemu, ndi manja awiri. Anathokoza. Anaimirira, nagwira tebulo kuti asagwe, natuluka akumwetulira. Amene anadya chakudya chija ndi dalaivala uja.

Abale anga, ine pamenepa mtima umandiwawa. Chifukwa apa zinaoneka poyera kuti chimene chinkamumanga sichinali mwambo. Mwambo unali chovala chabe. Mkati mwake munali kunyada.

Sabata yomweyo mvula inayamba, mvula ya kunyanja yosadziwa kuleka. Madzi anadzaza m'misewu, udzudzu unabuka. Malungo anamugwira. Munthu wodya bwino malungo amalimbana nawo, koma iye analibe chomenyera nkhondo. Sanaonekenso ku kanyumba kodyera kaja. Madalaivala anati mwina abwana akwezedwa pa ntchito, atiiwala.

Mayi Nangondo mtima sunakhale pansi. Anamanga chakudya m'kambale, nafunda chitenje kumutu, napita ku bekale kuja kukafunsa. Anafotokoza maonekedwe ake. Mwini bekale anapukusa mutu nati munthu wotero sanagwirepo ntchito pamenepo. Kenako anati koma dzulo m'mawa antchito ake anapeza munthu kuseri, atatsamira khoma la uvuni, akulephera kuyankhula. Anamutengera kuchipatala.

Ndipo mwini bekaleyo anawonjeza kuti, “Sitinkadziwa kuti pamagona munthu. Buledi wophwanyika timagawa m'mawa uliwonse. Akanangogogoda.”

Mayi aja anathamangira kuchipatala, kambale kali m'manja. Anapeza bedi atayala kale nsalu ina. Namwino anawauza kuti mankhwala anamupatsa, koma thupi linali litatheratu, ndipo anafunsa ngati munthuyo analibe abale omupatsa chakudya. Mayi Nangondo anakhala pansi pakhonde la chipatala, nalira ngati wamwalira ndi mwana wa bere limodzi. Ankangobwereza kuti, “Ndinamuikira patsogolo. Ndinamuikira patsogolo.”

Kunyamula maliro kupita nawo kumudzi sikunatheke. Anamuika komweko, m'manda a mchenga, pakati pa anthu amene sanamve chilankhulo chake. Madalaivala aja ndiwo ananyamula bokosi, nthabwala zitawathera. Pobwera kumanda anthu anasonkhana ku kanyumba kaja monga mwa mwambo. Mayi Nangondo anaphika mpunga wambiri ndi nsomba. Pa maliro a munthu wofa ndi njala, aliyense anadya nakhuta.

Akulu anati manyazi anapha lambe. Munthu uyu sanafe chifukwa mumzinda munalibe chakudya. Anafa pakati pa mabekale. Sanafe chifukwa panalibe womukonda. Anafa chifukwa sanathe kunena kuti ndili ndi njala.

Tsono tamverani tanthauzo lake. Msewu uja wa zakudya ndi nyumba ino ya Mulungu. Chakudya ndi chisomo chake, chikhululukiro chake, chimene amapereka osalipiritsa. Ndipo munthu uja ali pakati pathu m'mawa uno, mwina wakhala kutsogolo komwe. Wakulira m'tchalitchi. Nyimbo zonse amaziimba osayang'ana m'buku. Akamapemphera pagulu anthu amati koma uyu ndiye wodzazidwa. Wakhala nthawi yaitali atatsamira khoma la uvuni, mpaka fungo la zopatulika linamulowerera, ndipo tonse tikamununkhiza timati wakhuta. Koma iye yekha akudziwa kuti mumtima mwake ndi mouma. Pali tchimo limene sanaulule. Pali chilonda chimene amachiphimba ndi jekete la Lamulungu. Banja likupasuka, chikhulupiriro chinazima kalekale, koma tikamufunsa pakhomo paja kuti muli bwanji, amati ndili bwino, kaya inu.

Mukuopa chiyani? Mukuopa kuti anthu adzati, mkulu wa mpingo uja, mayi wa chigwirizano uja, nayenso ali ndi zotere? Adzanena, inde. Anthu salephera kunena. Adzaseka lero, mawa adzapeza wina womuseka. Ndipo tsiku loika maliro anu, omwewo adzabwera, adzaimba, adzadya, n'kubwerera kwawo. Kodi moyo wanu muutaye chifukwa cha anthu amenewo?

Oledzera akulowa, achiwerewere akulowa, amene inu mumawayang'ana chapatali akutambasula mbale zawo ndipo akulandira, chifukwa alibe dzina loti ateteze. Mulungu amaitana, amaitananso, amafika mpaka pogwada n'kukuthirirani madzi m'manja. Koma sadzakutsegulani pakamwa mokakamiza. Kumeneko anakusiyirani inu.

Ndipo kuitanako kuli ndi tsiku lake lomaliza, limene palibe mmodzi wa ife akulidziwa. Musatuluke pakhomo ilo mukumwetulira muli ndi njala. Nenani lero, mukadali ndi mawu.