Sipoko Yokhota

Ku Lunzu kunali munthu wina wokonza mawailesi, koma mtima wake wonse unali pa tindege toseweretsa, tija touluka ndi kamota. Mkulu wake, kalipentala, ndiye ankamusemera pulopela, kathabwa ka masamba awiri kamene kamazungulira kutsogolo kwa ndege. Yomaliza anaisema ndi mtengo wa mkungudza akudwala kale, akupumira m'mwamba. Mvula isanagwe anamwalira. Munthu uja analonjeza kuti tsiku lovundukula chiliza, pulopela imeneyo idzauluka pamwamba pa manda a mkulu wake.

Tsono masamba a pulopela amayenera kulemera mofanana. Limodzi likaposa, ndege imanjenjemera mpaka kuphwasuka. Choyezera cha kusitolo analibe, ndiye anapanga chake. Anaimika malezala awiri pathabwa, n'kugoneka sipoko ya njinga pamwamba pake. Ukalowetsa sipokoyo pabowo la pulopela, tsamba lolemera limatsikira pansi, ndipo iwe umalipala ndi sandipepa.

Anayeza, tsamba limodzi linatsika. Analipala. Anayezanso, linatsika lomwelo. Analipalanso. Nyumba yonse inanunkhira mkungudza, fungo lija la malaya a mkulu wake.

Mkazi wake anaima pakhomo nati, "Bambo a Tiyanjane, alamu anga sankasema zopendekeka. Bwanji muyambe mwayeza sipokoyo payokha?"

"Sipokoyi ndawongola ndekha," anatero mwamunayo. "Inu za ndege mwazidziwira kuti?"

Anapitiriza kupala mpaka pulopela inaima chopingasa, osagwera uku kapena uku. Tsamba lija linali litapyapyala ngati khoko la anyezi, koma iye anasangalala.

Tsiku la chiliza linafika. Atatha mapemphero, anthu anazungulira kuti aone. Munthu uja anayatsa kamota. Kandege kananjenjemera, kanadzuka pang'ono, kenaka tsamba lopyapyala lija linangoti thyo! Kanagwera m'maudzu kasanafike n'komwe pamandapo. Mkazi wa malemu anatola kachidutswako, nakatembenuza m'manja.

"Alamu, si mmene anakasiyira," anatero. Anakamanga pansonga ya chitenje n'kumapita.

Atafika kunyumba, munthu uja anagoneka sipoko yokhayokha pamalezala. Inagubuduka yokha, n'kukaima mimba ili pansi. Anaitembenuza, inabwerera pomwepo. Inali yokhota. Pulopela ija inalibe vuto lililonse, mkulu wake anaisema bwino lomwe. Anakhala pansi nalira ngati maliro achitika tsiku lomwelo. Anayang'ana pansi pa tebulo, koma fumbi la mkungudza linali litasesedwa kale.

Abale anga, nkhaniyi imandiwawa, chifukwa sipoko imeneyi ndi mtima wanga ndi wanu. Pamtima pomwepa ndi pamene timayezera mkazi wathu, mwana wathu, mkhristu mnzathu. Tsiku lililonse amagwera mbali yomweyo, wolakwa ndi yemweyo, ndipo ife timatenga lilime n'kuyamba kupala. Wina akatichenjeza, timati mtima wanga ndimaudziwa ndekha. Timapala mpaka mwana amasiya kuseka m'nyumba, mpaka mkazi amangoti "chabwino" pa chilichonse, ife n'kumati tsopano zalongosoka.

Musanakhudze sandipepa, ikani mtima wanu wokhawokha pamaso pa Mulungu, muone kumene ukugubudukira. Sipoko mukhoza kuiwongola ngakhale mawa. Koma zimene mwapala pa mnzanu, simudzazimatanso.