Mimba ya Chule ndi Maso a Nyani

Padangokhala, kale nyama zonse zikumwera padziwe limodzi la mumtsinje, panali Chule, mayi wachikulire wa mimba yoyera ndi yofewa. Ntchito yake inali imodzi basi, kuyeza madzi. M'mawa uliwonse nyama zisanamwe, iye ankalowa m'dziwemo, n'kukhazika mimba m'madzi, n'kuimba katatu:

"Madzi, madzi, tandiuzeni,
Mwadzera kuti lero?
Mwatola chiyani m'njira?"

Pajatu chule samwa ndi pakamwa, amamwa ndi khungu. Mimba ikangomva kuzizira, iye ankati, "Imwani!" Nyama n'kumwa. Mwambo unali umenewo, ndipo Chule ankaikonda ntchito yakeyo kwabasi.

Koma Nyani zinkamuwawa. "Ife a maso akuthwa, n'kumadikira kachule kanyowetse mimba? Aaa, zamanyazi!" Tsiku ndi tsiku ankang'ung'udza choncho, koma kumwa ankamwa ndithu.

Tsono m'chilimwe china, kumtunda kwa mtsinjewo munthu wina anapopera mankhwala ophera tizilombo m'dimba lake la tomato. Atamaliza anatsukira chopoperacho mumtsinje, otsala m'botolo n'kukhuthulira momwemo, iye ulendo kwawo akuimba mluzu. Anthu enatu, ana inu! Palibe nyama imene inaona zimenezi.

Kutacha, dziwe linali litayera mbee, mchenga wapansi ukuoneka. Nyama zinasangalala, koma Chule anakayikira. Anayang'ana pabango, panalibe tombolombo ndi mmodzi yemwe. Anayang'ana m'mphepete, tinsomba tosewera panalibe. Anaviika mwendo umodzi, ndipo unayabwa ngati wakhudza chitedze. Anadumphira kumtunda.

"Lero musamwe!" anakuwa Chule.

Pamenepo panali Nguluwe ndi ana ake asanu ndi mmodzi. Anali atayenda mtunda wautali, tiana malilime ali panja.

"Mayi Chule, musatero," anadandaula Nguluwe. "Anawa akomoka nalo ludzu."

"Mayi mnzanga, pirirani pang'ono," anatero Chule. "Kuseri kwa chulu icho kuli kasupe. Madzi ake ndi amatope, koma ana anga, ambululu, akusewera momwemo."

Nyani anaseka mpaka kugwira nthiti. "Matope? Tisiye madzi awa tikamwe matope? Taonani, ndikudziona nkhope mpaka mano! Gogoyu wakalamba, mimba yachita makwinya, siikumvanso kanthu. Kuyambira lero woyeza ndine. Ndayeza ndi maso. Imwani!"

Tiana ta Nguluwe titamva mawu akuti imwani, tinathamangira kumadzi. Chule anadumpha n'kuima patsogolo pawo, manja atatambasula. Kanthu kochepa ngati iko, kangatchinge nguluwe zisanu ndi imodzi? Anachita mantha zedi, pakuti ankadziwa kuti tikangomwa, dzuwa silifika paliwombo tili moyo.

"Imani kaye!" anatero. "A Nyani, udindo ndakupatsani, tengani. Koma yezani mwa mwambo. Woyeza saima kumtunda. Amakhala m'madzi mpaka nyimbo ithe katatu."

"Zoona," anavomera Nguluwe, akubweza ana ake ndi mphuno. "Mwambo ndi umenewo."

"Basi zomwezo?" anatero Nyani. "Ntchito ya ana!"

Analowa monyang'wa. Kunyowetsa mimba anakuona kuchepa ulemu, ndiye anangokhala pansi, matako m'madzi, miyendo ataipingasa ngati bwana. Anayamba kuimba:

"Madzi, madzi, tandiuzeni,
Mwadzera kuti lero?
Mwatola chiyani m'njira?"

Koyamba anaimba akumwetulira. Kachiwiri anaimba akusunthasuntha, mawu akunjenjemera.

"Bwanji a Nyani, mukuvina?" anafunsa Chule.

"Ayi, ndikungoimva kukoma nyimboyi."

Kachitatu anangofika pa "Madzi, madzi," basi. "Mayo ine! Moto! Ndapsa ine!" Anavuuka liwiro, n'kumadzikhwekhwereza pamchenga, uku ndi uku. Podzuka, ubweya wonse wa kumbuyo unali utasosoka, matako ali psuu.

Nguluwe anayang'ana matakowo, n'kuyang'ana ana ake. "Kukanakhala kukhosi kwa ana anga kumeneko," anatero chapansipansi.

Palibenso anatsutsa. Chule anatsogola, dumphu, dumphu, nyama zonse pambuyo, mpaka pakasupe paja. Ambululu anali yakaliyakali m'matopemo, atombolombo akuuluka pamwamba. Chule anakhazika mimba, anaimba katatu osadumpha liwu, n'kumva kuzizira kokhakokha.

"Imwani!"

Tiana tinamwa mpaka mimba tolotolo, n'kuyamba kugubuduka m'matope. Chule anatiwerenga: tonse tisanu ndi kamodzi tinalipo. Mtima wake unadzaza chimwemwe, moti analira kolokolo tsiku lonse.

Nyani anafika pomalizira, akuyenda chotang'adza. Chule sanamuseke. "Bwerani, bambo, khalani apa. Matope munkawanyoza aja ndi amene akuziziritseni." Nyani anakhala, maso pansi.

Nyama zinamwa pakasupepo mpaka mvula inagwa n'kutsuka mtsinje. Atombolombo atabwerera padziwe, Chule anakayeza, n'kuloleza. Ndipo amene ankaletsa anzake kumwa nyimbo isanathe anali Nyani yemwe uja. Koma ubweya sunamerenso mpaka lero, ngakhale kwa zidzukulu zake. N'chifukwa chake akulu amati anyani sasekana zikundu.

Yanga yathera pomwepa, ana inu, ndipo mutenge mawu awa: madzi sayezedwa ndi maso, oyera mbee amathanso kupha.