Chibwano cha Mtswamafupa

Kalekale, nyama zisanachepe misinkhu, kunali mmbulu wamkulu ngati ng'ombe. Dzina lake Mtswamafupa.

Kumtundu kwawo akazi ankasankha mwamuna poyang'ana chibwano. Ndiye mwana ankabadwa ndi chibwano choposa cha bambo ake, mdzukulu choposanso. Chibwano kukula, mutu kulemera, miyendo kufupika.

Ankadya njati zikuluzikulu zoyenda mwaulesi. Kuluma kamodzi, fupa phwa. Kuluma kawiri, mafuta a m'fupa ali kukhosi.

Anali ndi msuweni wake wowonda, Kapsepse, wodya mbewa, ziwala ndi masuku akugwa.

"Iwe, chimene ukudyacho n'chakudya kapena mankhwala?" ankamuseka Mtswamafupa.

"Chimatsika ndithu," ankayankha Kapsepse.

Mvula inayamba kujomba. Chaka chino yajomba, chamawa yajomba. Nkhalango inasanduka tchire, njati zija zinatha. Kunatsala agwape, aliwiro ngati mphepo.

Mtswamafupa anathamangitsa gwape. Anathamanga, anathamanga, mutu n'kumulemera, mphuno pansi. Gwape anaima patali n'kuyamba kudya msipu.

Kuphanga ana ake atatu anali atafooka ndi njala mpaka kusiya kulira. Mtswamafupa anameza manyazi, ulendo kwa msuweni.

"Asuweni, ndiphunzitseni kugwira mbewa."

"Lero ndakhala asuweni?" anafunsa Kapsepse. Komabe anamutengera kuuna. "Yasamulani apa, ine ndikumbe uko."

Anayasamula. Mbewa inatuluka, inalowa m'kamwa, inatulukira pampata wa mano, osakhudzidwa ndi ubweya womwe. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inaima kaye pa lilime kupumula.

Mtswamafupa anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi.

"Makolo anga anavutika mibadwo yonseyi kundimangira chibwano," anatero, "osadziwa kuti akumangira mbewa khonde."

Kapsepse anamupatsa mbewa zisanu, zonse zimene anagwira tsikulo. Ana atatu aja anameza, n'kufunsa ngati chakudya chikubwera.

Chaka chisanathe mtundu wonse wa Mtswamafupa unafera m'matope a dambo louma. Mafupa awo anasanduka miyala. Lero anthu akafukula chibwanocho amagwira pakamwa, amvekere chinali chilombo choopsa. Pamene adzukulu a Kapsepse ndiwo ankhandwe aja akutibera nkhuku mpaka pano.

Wodziwa chinthu chimodzi amafa nacho, adzukulu anga. Ndikunena ine, amene ndinakana kudzala chinangwa poti ndine mlimi wa fodya. Njala itafika ndinakagwada kwa apongozi, chipewa m'manja, kupempha makaka a chinangwa.

Nthano yanga yagonera pomwepo.