Diresi la Muyeso wa Fayinesi

Panali mayi wina, dzina lake Esinala, wokazinga mandasi pamsika wa kwawo. Anali wonenepa ndithu, moti pokwera kamtunda ka kuchigayo ankaima kawiri kupumitsa mawondo. Anali ndi mng'ono wake mmodzi, Fayinesi, wochepa thupi, wa khosi lalitali, amene chitenje chilichonse chinkamukhala. Esinala ankamukonda mng'ono wakeyo, sindikana. Koma nsanje, abale inu, nsanje inkamudya ngati chiswe.

Nsanjeyo inayamba kalekale. Fayinesi anabadwa wodwaladwala. Nkhuku ikaikira, dzira linali lake. Mkaka ukapezeka, wake. Esinala akatambasula dzanja, mayi awo ankati, "Iwe ndiwe wamkulu, udya pambuyo." Ndipo pambuyopo pankangotsala nyenyeswa. Mwanayo anaphunzira kudya ataimirira kuseri kwa chitseko, mothamanga, munthu asanamuone. Anakula, mayi anamwalira, chakudya chinachuluka m'nyumba, koma chitseko chija sanachisiye. Wina akangoti, "Koma Fayinesi ndiye watchena lero!" Esinala ankaseka nawo, n'kulowa m'nyumba, mandasi asanu n'kutha. Sikuti inali njala ayi.

Tsono Fayinesi anapeza banja. Achibale anasankha nsalu imodzi yoti amayi onse asoketse, monga timachitira paukwati. Anagwirizananso kuti Esinala ndiye adzakhale pampando wa mayi wa mkwatibwi, popeza mayi kunalibe. Esinala anapita ndi nsalu yake kwa telala, bambo wachikulire wosoka pakhonde la sitolo. Telalayo atatenga tepi, Esinala anabwerera m'mbuyo.

"Musandiyeze, bambo. Muyeso wa Fayinesi muli nawo kale. Musoke womwewo."

"Mayi, diresi timasokera thupi limene lilipo," anatero telala.

"Miyezi itatu yatsala kuti ukwati uchitikeyi ndi yambiri, ndidzakwanamo. Inenso anthu adzandione."

Telala anamuyang'ana kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, nalandira nsaluyo.

Ha, miyezi itatu imeneyo! M'mawa madzi otentha a mandimu, masana osalawa kanthu. Koma dzuwa likapendeka, akamva Fayinesi akuseka ndi bwenzi lake pabwalo, mtima unkamuwawa, miyendo n'kumutengera kuseri kwa chitseko. Akatha kudya ankadzitukwana, ndipo kudzitukwanako kunkamubwezeranso ku beseni la mandasi.

Tsiku la ukwati linakwana. Diresi linatsika mpaka pachifuwa n'kukana. Esinala anakoka, anabweza mimba, ulusi unalira. Panja lole yonyamula amayi oimba inali italiza kale hutala. Esinala anakhoma chitseko, nakhala pansi, nati sapita, mpando wa mayi ukhale wopanda munthu.

Fayinesi anabwera yekha, velo ili kumutu, nagogoda mpaka mkulu wake anatsegula.

"Achemwali, mundisiya ndekha lero?"

"Wekha?" anayankha Esinala. "Iwe unakhalapo wekha liti? Dzira linali lako. Mayi anali ako. Kukongola n'kwako. Ine changa n'chiyani, chithupi ichi?"

Mawu amenewa anali asanawanenepo chibadwire, ndipo anatuluka pamodzi ndi misozi.

Fayinesi anakhala pansi pomwepo, osasamala za diresi lake loyeralo. "Dziralo ine sindikulikumbukira, ndinali mwana. Chimene ndimakumbukira ndi msana wanuwu. Ndi umene unkandibereka popita kuchipatala mayi akatopa. Mukapanda kukhala pampando uja, palibe wina amene ndimufuna."

Esinala analira kulira kwa zaka zonse zija. Atatonthola anatenga lezala, natembenuza diresi, nayamba kumasula msoko ndi manja ake kuti alikulitse. Ataona za mkatimo anagwira pakamwa. Telala uja sanadule nsalu. Anaipinda m'mbali zonse ziwiri, ndipo kuseri kwa msoko woyambawo kunali msoko wina, wa muyeso wa Esinala mwini wake. Bamboyo anali atamuyeza ndi maso tsiku lomwe lija.

Diresi linalowa bwinobwino. Esinala anakhala pampando wa mayi, ndipo masana ake anavina mpaka mawondo anadandaula.

Kuyambira pamenepo ankadya atakhala pamkeka, mbale ili poyera, mosathamanga. Nsanje ikabwera, pakuti inkabwerabe, ankanena poyera kuti zandipweteka, m'malo mokaidyetsa mandasi. Thupi linatsikako m'chaka chimenecho, ndipo kamtunda ka kuchigayo ankakwera osaima. Sanafanane ndi Fayinesi, ndipo sanafunenso kutero.

Amayi anzanga, ndakuonani mukugawana mandimu pano, ndipo sindikuletsani. Koma musanafunse kuti ndisiye kudya chiyani, yambani mwafunsa kuti amene akulira njala mkati mwanumo ndani. Mwina ndi kamwana kamene kanauzidwa kuti kadya pambuyo. Kameneko simungakakhutitse ndi mandasi, ndipo simungakatontholetse pokamana chakudya ndi kukatukwana. Katulutseni kuseri kwa chitseko, mukakhazike pamkeka. Ndipo mukapita kwa telala, imani chilili, akuyezeni thupi lanu lomwelo, osati la mng'ono wanu.