Malaya Awiri a Gelesomu

Inu ana a masiku ano munabadwa mafoni ali kale m'manja mwa anthu, choncho simudziwa mmene fumbi linkakhalira koboo pamene makampani opanga mafoni ankalimbirana misika ya kumidzi. Khalani bwino ndikuuzeni za munthu wina wa pa Mponela, dzina lake Gelesomu Kachere, amene anagwera pakati pa mpikisano umenewo.

Gelesomu anali wokonza mafoni. Anali ndi kabenchi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi pokwerera maminibasi, ndipo pa kabenchipo pankakhala tizipangizo tomasulira, mswachi wakutha ndi galasi lokuzira zinthu. Sanali munthu waulesi, komanso sanali wadyera. Matenda ake anali amodzi: kufuna kudziwa. Foni yachilendo ikafika m'manja mwake, zala zinkamuyabwa. Ngakhale mwini wake atangobwera kudzatchajitsa, iye ankalakalaka ataitsegula kuti aone mmene anailukira m'kati. Mkazi wake, Nachisale, ankanena kuti tsiku lina mwamuna wakeyo adzamasula chimkuzamawu cha kutchalitchi ulaliki uli m'kati.

Chaka chimenecho makampani awiri anali atakokerana zingwe. Ina inali Namzeze, inzake Nthanda. Namzeze ikatulutsa foni ya batire lokhala masiku atatu, mwezi sunkatha Nthanda isanatulutse yake ya makamera anayi. Nthanda ikabweretsa tabuleti ya galasi lalikulu ngati mbale, Namzeze inkabweretsa yake yoti ikagwa pansi siisweka. M'maminibasi, pamijigo, ngakhale kuseri kwa nyumba ya maliro, anthu ankangotsutsana kuti yoposa inzake ndi iti.

Oyamba kufika pa kabenchi ka Gelesomu anali Mayi Msowoya, oyang'anira malonda a Namzeze m'chigawocho. Anamupatsa tisheti yoyera ndi foni yatsopano imene inali isanafike m'masitolo, kuti aiphunzire n'kumaonetsa anthu.

"Chaka chamawa titsegula sitolo yathu pano," anatero Mayi Msowoya, "ndipo woiyendetsa adzachokera mwa ogulitsa athu. Koma lamulo lathu ndi limodzi, a Kachere. Wathu ndi wathu. Za anzathu aja simuzigwira."

Gelesomu anavomera ndi mtima wonse.

Patatha milungu iwiri kunafika Bambo Kalilangwe a ku Nthanda. Gelesomu anatsegula pakamwa kuti anene kuti analowa kale kwina, koma bambowo anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa tabuleti. Anaiyatsa, kenako anaipinda pakati ngati buku. Anaitambasulanso, chithunzi chili chomwecho, galasi lopanda ndi mng'alu womwe.

Gelesomu anawerama kuti aione pafupi.

"Galasi lipindika bwanji osasweka?" anafunsa.

"Mukakhala wathu mudzionera nokha," anayankha Bambo Kalilangwe. "Koma tikatero ndiye kuti za Namzeze simuziyandikira."

Madzulo ake Gelesomu anafika kunyumba ndi tisheti yofiira ya nyenyezi yaikulu yachikasu pachifuwa.

Nachisale anazindikira tsiku lochapa, atayanika malaya awiriwo pachingwe chimodzi.

"Bambo a Lonjezo, malaya awiriwa ndi a anthu angati?"

"Onse ndi anga."

"Nanga eni ake akudziwa?"

"A Namzeze amabwera Lachiwiri, a Nthanda Lachisanu. Akumana kuti? Ine ndikungofuna ndione bwinobwino kuti woposa mnzake ndani, kenako ndisankha."

"Musankha liti?"

Koma Gelesomu anali atayika tabuleti ija pakhutu, akuipinda pang'onopang'ono kuti amve ngati m'kati muli kanthu kolira.

Kusankhako kunamuvuta tsiku ndi tsiku. Atatsegula foni ya Namzeze anapeza batire lalikulu lomangidwa mwanzeru, nagoma nalo. Atasuzumira m'kamera ya Nthanda anaona ngakhale tiubweya ta pamwendo wa ntchentche, nagomanso. Chimene kampani ina inali nacho, inzake inalibe. Akati asiye uku, ankamva kuti kukubwera foni yosaopa fumbi. Akati asiye uko, ankamva kuti kukubwera yomva mawu a mwini wake. Miyezi inapita iye akusinthanitsa malaya, Lachiwiri zoyera, Lachisanu zofiira.

Ndiye kunafika mwezi wa Disembala. A Nthanda analengeza kuti adzaonetsa mafoni awo atsopano Loweruka, tsiku la msika waukulu. A Namzeze atamva, anasankha dala tsiku lomwelo. Umo ndi mmene mpikisano umakhalira: mnzako akayala mphasa, iwe umayala yako pafupi.

Tsikulo kutacha, matenti awiri anali atayima kumapeto awiri a bwalo la msika, ina kum'mawa, ina kumadzulo. Anali otchinga mbali zitatu ndiponso amdima m'kati, kuti magalasi a mafoni aziwala bwino. Anthu atawaona anayamba kuwatchula kuti mapanga. Zimkuzamawu za mbali zonse zinkalira ngati zikutukwanizana.

Gelesomu anali atakonza nzeru yake. Anavala tisheti yofiira m'kati, yoyera pamwamba. Pambali pa bwalolo, chapakati, panali chigayo, ndipo kuseri kwake ndi kumene ankavulira kapena kuvalira yoyerayo. Kwa Mayi Msowoya ankati, "Ndikazungulire mumsikamu ndikakoke anthu." Kwa Bambo Kalilangwe ankanenanso chimodzimodzi.

Dzuwa lisanakwere kwambiri, ku tenti ya Namzeze kunafika mkulu wina wolima fodya, a Gwaza. Mwana wawo wamkazi anali ku Joni, ndipo kumeneko a Gwaza anali ndi adzukulu awiri amene anali asanawaonepo nkhope. Ankafuna foni yoti akamayankhula aziwaona.

"Tengani iyi, gogo," anatero Gelesomu atavala zoyera. "Za kutsidyazo batire lake limatha musanamalize moni."

A Gwaza anaitembenuza foniyo kangapo, nanena kuti ayambe azungulira kaye.

Patapita ola limodzi, Gelesomu ali ku tenti ya Nthanda atavala zofiira, anangoona a Gwaza omwewo akulowa ndi ndodo yawo. Anakokera chipewa kumaso.

"Mukufuna kuona adzukulu, gogo? Tengani iyi. Za kutsidyazo zithunzi zake zimaoneka ngati mukuyang'ana muutsi."

A Gwaza anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana iwe, kodi unabadwa mapasa?"

"Anthu amafanana, gogo."

"Amafanana ndithu," anatero a Gwaza, "mpaka chipsera cha pachala."

Anatuluka osagula. Gelesomu anamva kanthu kakumubaya mumtima, pakuti kuyambira kale anthu ankabwera kwa iye chifukwa sankanama pa za mafoni. Koma panalibe nthawi yoganiza. Mayi Msowoya anali akumudikira.

Chakumasana mitambo inadetsa cha kumapiri a Dowa. Gelesomu anali kuseri kwa chigayo, atangovala yoyera pamwamba pa yofiira, pamene anazindikira kuti wachoka ku Nthanda ndi tabuleti yopindika ija m'manja, ili m'bokosi lake la nyenyezi. Asanaganize chochita, mphepo inawomba, madontho akuluakulu anayamba kugwa, kenako mvula inakhuthuka ngati wina wang'amba thumba kumwamba. Mwini chigayo anatseka chitseko. Ogulitsa ndi ogula omwe anabalalika, ena kulowa ku tenti ya kum'mawa, ena ku ya kumadzulo. M'kanthawi kochepa bwalo lonse linali mbee.

Gelesomu anathamangira ku Namzeze. Ali pafupi anaona Mayi Msowoya ataima pakhomo akumukodola, ndipo anakumbukira bokosi la nyenyezi lili m'manja mwake. Anatembenuka n'kuthamangira ku Nthanda. Ali pafupi anaona Bambo Kalilangwe akusuzumira panja, ndipo anakumbukira kuti pamwamba wavala zoyera. Kuvula pamaso pa anthu sakanatha. Anabwereranso. Anayesa kubisa bokosi m'malaya, koma linali litanyowa kale n'kuyamba kusasuka. Anapita uku, anabwerera uko, matope akumuthira mpaka m'mawondo, kufikira anangoima pakati pa bwalo, madzi ali chuchuchu.

Inu mukudziwa mmene nsalu yoyera imachitira ikanyowa. Inamatirira pathupi, ndipo pang'onopang'ono, pansi pa dzina la Namzeze, panayamba kuoneka kufiira, kenako nyenyezi yonse yachikasu.

"Taonani, anthuni!" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato. "Nthanda yatuluka masana!"

Chiseko chinayamba ku tenti ina n'kukafika ku inzake. Ndi anthu awiri okha amene sanaseke.

Mvula itakata, Mayi Msowoya ndi Bambo Kalilangwe anatuluka, aliyense kuchokera kwake, napondaponda matope mpaka anakumana pamene panaima Gelesomu. Aka kanali koyamba kuti awiriwa aonane maso ndi maso, ndipo kanali koyambanso kuti agwirizane pa kanthu.

"A Kachere," anatero Mayi Msowoya, "ine ndinali nditalemba kale dzina lanu pa za sitolo ija. Tipatseni malaya athu."

"Ndi athunso," anatero Bambo Kalilangwe, akulandira tabuleti ikudontha madzi. Anayesa kuiyatsa, koma galasi linangokhala bii.

Gelesomu anafuna kufotokoza kuti sanachite chifukwa cha dyera, kuti ankangofuna kuona mmene zinthuzo anazipangira. Koma poyang'ana nkhope zawo anaona kuti mawuwo sangathandize. Anavula yoyera, anavula yofiira, natsala chifuwa pamtunda, akunjenjemera pamaso pa msika wonse.

Amene anamuyandikira anali a Gwaza. Anavula jekete yawo, imene inali youma bwinobwino, namufunditsa.

"Ine ndinalowa phanga limene linali pafupi, ndipo taona, sindinanyowe," anatero mkuluyo. "Iwe unali ndi awiri. Mwana wanga, mapanga awiri avumbwitsa."

Gelesomu anafika kunyumba ndi jekete ya eni ake. Nachisale anali atamva kale, pakuti nkhani yotere imathamanga kuposa mwini wake. Sanamunyoze. Anangomutenthetsera madzi osamba. Sitolo ya Namzeze itatsegulidwa, anaipereka kwa mayi wina wa ku Madisi, Esinala, amene sankadziwa za m'kati mwa foni ngati Gelesomu, koma anagwira kumodzi osayang'ana kwina. Ndipo panatenga nthawi yaitali kuti anthu a pa Mponela ayambenso kukhulupirira mawu a Gelesomu akanena kuti foni iyi ndi yabwino.

Mawu a a Gwaza aja sanathere pamsika. Amene anawamva anapita nawo kumidzi kwawo, ndipo mpaka lero timati, "Mapanga awiri avumbwitsa." Tanthauzo lake ndi ili: munthu amene mvula yamupeza ali ndi pobisala pamodzi amathamangira pomwepo n'kuuma, koma wa pobisala pawiri amataya nthawi akuyeza kuti pabwino ndi pati, mvula n'kumuthera pathupi. Kufuna kudziwa si kulakwa, ndiponso kufananiza zinthu musanasankhe ndi nzeru. Cholakwika ndi kulonjeza uku ndi uku, n'kumayembekeza kuti tsiku losankha silidzafika. Wofunsira mbeta ziwiri, wolima minda iwiri yotalikirana ndi khasu limodzi, wouza anzake awiri odana kuti aliyense ndiye bwenzi lake la pamtima, onsewa ali pakati pa bwalo. Kukakhala kuli ngwee amaoneka ochenjera. Mvula ikabwera ndi pamene timadziwa kuti analibe phanga ngakhale limodzi.