Tsiku limene bambo anasowa

M'nyumba ija mawu omaliza ankakhala a Achemwali. Ndiwo anali oyamba kubadwa, ndipo chiyambire pamene bambo awo okalamba anayamba kuiwalaiwala, zonse ankalamula ndi iwo.

Tsiku lina masana anapeza mpando wa bambo uli wokha, geti lili chitsegukire. Anaitana mchimwene wawo ndi mkazi wake.

"Apita kudepoti! Paja amakonda kunena zobwerera kwawo. Tiyeni tonse."

"Tadikirani, Achemwali," anatero mlamuyo, munthu wosathamangira zinthu. "Tiyambe taona chimene atenga kuchipinda."

"Mlamu, munthu wasowa, inu mukufuna kuwerenga malaya? Kwerani galimoto!"

Kudepoti anayendera basi iliyonse, akuonetsa chithunzi pafoni. Makondakitala ankangopukusa mitu. Mchimwene uja atati atsegule pakamwa, Achemwali anamudula ndi diso lokha. Mitambo inada, mvula n'kuyamba kukhuthuka. M'maganizo mwawo ankangoona bambo atagwera m'ngalande, madzi akuwakokolola.

Atabwerera kunyumba chimanjamanja, Achemwali anatembenukira kwa mlamu wawo. "Nenani tsono," anatero. "Ine nzeru zandithera."

Mlamu analowa kuchipinda, n'kutuluka posakhalitsa. "Chikwama chawo chilipo, zovala zonse zilipo. Munthu wa paulendo sangazisiye. Chasowa ndi kaambulera ka mdzukulu wawo."

"N'zimene ndimafuna kunena," anatero mchimweneyo, amene ankakonda kucheza ndi bambo osawatsutsa. "Masiku ano amandifunsa ngati mwaweruka. Kwa iwo, Achemwali, mukadali kamwana ka sukulu."

Achemwali anagwira pakamwa. Sukulu yawo yoyamba, kuseri kwa msika, inatsekedwa mchimwene wawoyo asanabadwe, ndipo tsopano ankasungiramo matabwa. Njira yake ankaidziwa ndi iwo okha.

Atathamangira kusukuluko, anawapeza bambo pageti la dzimbiri, atanyowa thupi lonse, mano akuguguda, kaambulera kali chipindire m'khwapa.

"Mayi, mwamuonako mwana wanga?" anafunsa mkuluyo. "Sanatulukebe, ndipo mvula imamudwalitsa."

Achemwali anavula juzi n'kuwafunditsa. "Watuluka, bambo. Tiyeni kunyumba."

Koma kuzizira kunali kutalowa kale m'chifuwa. Madzulo omwewo mkuluyo anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo kwa masiku angapo banja lonse linali mitima m'mwamba. Atakhala pambali pa bedi, akumvetsera mpweya wolira ngati mluzu, Achemwali analingalira. Mlamu anali ndi maso, mchimwene anali ndi makutu, iwo anali ndi njira. Akanamvana pachiyambi pomwe, bambo akanafika kunyumba mvula isanagwe.

Bambo atachira, adokotala anafunsa kuti asankha kuwasamalira bwanji. Achemwali anatsegula pakamwa mwa chizolowezi, kenaka anatembenuka.

"Mlamu, achimwene, inu mukuona bwanji?"

Anali ataphunzira ndi misozi kuti mutu umodzi susenza denga.