Elufe ndi Mapanga Ake Awiri

Anzanga, sendezani mipando kuno, nkhani ndili nayoyi ikundiyabwa pakhosi! Mwambi uja wa mapanga awiri, umene timangouloweza osadziwa mutu wake, kumene unachokera kwadziwika. Kungoti nkhani yake ndi yomvetsa chisoni.

Ku Chitakale, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kunali mayi wina dzina lake Elufe, amene ankalongedza masamba a tiyi kufakitale. Atabereka Lonjezo anayamba wakhala pakhomo, koma mwanayo atakwanitsa zaka ziwiri, akufakitale anamuitananso. Mwamuna wake anali woyendetsa mathiraki, pakhomo ankaoneka mwa apo ndi apo. Nanga mwana amusiyira ndani?

Malo analipo awiri. Oyamba anali kwa mayi Nasibeko, azakhali a mwamuna wake, amene ankasunga ana a anthu pakhomo pawo. Zoseweretsa zake zinali zitini ndi mpira wachikulunga basi, koma mayiwo ankadziwa mwana aliyense ndi kaliridwe komwe. Achiwiri anali nazale yatsopano ya pafupi ndi msika, ya makoma opakapaka, akatungwe, ndi timayunifomu tachikasu. Vuto lake, ana ankaweruka dzuwa lili paliwombo.

Elufe ataona tiana tachikasu tija tikuimba, mtima wake unatsala komweko. Koma kuwakana azakhali, amene anamudikirira kuchipatala pobereka Lonjezo yemweyo? Manyazi anamugwira. Ndiye anati konsekonse: m'mawa kunazale, masana kwa azakhali, koma azakhaliwo asadziwe.

"Masana okha bwanji?" anafunsa mayi Nasibeko. "Kapena phala langa ndi lamadzimadzi?"

"Ayi, Azakhali! M'mawa azikhala ndi mng'ono wanga Seliya. Akuti amamusowa."

"Chabwino, mwana wanga."

Kwa Seliya, Elufe anangoti, "Azakhali akakuuza chilichonse cha mwana, iwe uzingoti eya." Zina zonse anamubisira, poopa kuti Seliya pakamwa pake sipasunga kanthu.

Anapangana ndi bambo Mulepa, akabaza achikulire, kuti azimutenga mwana kunazale, kumuvula yunifomu panjira, kuiika m'kachikwama, n'kukamutula kwa azakhali. Miyezi itatu zinayenda myaa. Lonjezo anazolowera moti bambo Mulepa ankangomutsitsa pachipata, kuliza belu, iye n'kuthamangira yekha m'kati mwa mpanda.

Tsiku lina m'mwezi wa Januwale, mayi Nasibeko analandira uthenga wa maliro a mlamu wawo kutsidya kwa mtsinje. Ana onse anawabweza kwa makolo awo. Kenako anadzera kwa Seliya, pakuti ankaganiza kuti Lonjezo ali kumeneko.

"Seliya, lero mwanayo usamutumize. Kunyumba kulibe munthu."

"Eya, Azakhali."

Azakhali atachoka, Seliya anatenga foni. Anaimbira mkulu wake kasanu konse, koma kufakitale mafoni ankasiyidwa pageti. Mwana ali kuti, amamutenga ndani, iye sankadziwa.

Masana kuphiri kunada bii. Bambo Mulepa anapalasa mothamanga, kumutsitsa mwana pachipata monga mwa masiku onse, ngrii belu, ulendo kukabisala. Lonjezo anathamangira pakhomo, n'kupeza chitseko chili ndi loko. Anagogoda ndi timanja take. Zii. Oyandikana nawo onse anali kumaliro komweko. Ndipo mvula inabwera, ya mphepo, yolowa mpaka pakhonde.

Mayi Nasibeko anafika dzuwa litapendeka. Anamupeza atakhala tsonga pachitseko, zovala zili nyowe, milomo itachita mbuu, kulira komwe atasiya. Sanafunse munthu. Anamuvula zonyowazo, n'kutsegula kachikwama kufuna zouma, ndipo m'manja mwawo munatuluka kayunifomu kachikasu. Anakayang'ana kamodzi kokha. Kenako anamubereka mwana kumsana, liwiro lakuchipatala, nkhalamba ngati imene ija!

Adokotala anati ndi chibayo. Elufe anafika akadali ndi epuloni yakuntchito, n'kupeza mwana wake akupumira m'timapaipi. Anagwada pansi.

"Azakhali, ndinkaopa kukukhumudwitsani."

"Kundikhumudwitsa?" anatero mayi Nasibeko motsitsa mawu. "Ukanati, 'Azakhali, ndakonda kunazale,' ndikanakwiya masiku awiri, lachitatu n'kumakamutenga ndekha. Uthenga wanga ndinakautula kwa munthu amene analibe mwana, chifukwa iwe unandilozera kumeneko."



"Ndili mtsikana tinkatola nkhuni kuphiri kuja," anapitiriza mayiwo. "Mvula ikayamba, woona phanga limodzi ankalowa, n'kuuma. Koma woona awiri, uku akuti lino n'lalikulu, ilo lili pafupi, ankathamanga pakati mpaka kuvumbwa. Iwe unali ndi mapanga awiri, make Lonjezo. Koma wavumbwa si iwe."

Lonjezo anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi, ndipo anachira. Elufe anamuchotsa kunazale, azakhali anamulandira ndi manja awiri. Koma mwanayo anakula akuopa mvula. Ikangoti waa padenga, ankagwira chitenje cha aliyense amene ali pafupi. Ndipo mayi Nasibeko, ngakhale sanamutukwanepo Elufe, kuseka naye momasuka sanasekenso mpaka tsiku limene anatsikira kuli chete.

Amayi amene anali m'wodi muja ndi amene anatenga mawu a nkhalambayo n'kupita nawo kumidzi kwawo, ndipo anafupika mpaka kukhala mwambi wakuti, "Mapanga awiri avumbwitsa." Tanthauzo lake n'lakuti munthu wofuna kugwira konsekonse, wolephera kusankha chimodzi n'kuchinena poyera, mavuto akabwera amapezeka kuti alibe pothawira. Uku amaganiza kuti ali uko, uko amaganiza kuti ali kuno. Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti nthawi zina wovumbwayo amakhala mwana amene sanasankhe kanthu.